Ndege ziwiri, malo a imodzi

Lolemba

Nkhuku 14, zonse zilipo. Manachesi ogwa okha: 9. Malole olowera ku malire pamene ndikusesa: 17.

7:25. Foni ya Tiyamike. Akuti kompyuta yakale yomwe anatisiyira ija yadzaza. Masewera a ndege zankhondo omwe ali m'menemo akufuna malo ena, apo ayi asiya kutseguka. Ndege tili nazo ziwiri, malo atsala a imodzi. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi abwera kudzafufuta inayo.

"Mugwirizane nokha ndi adadi. Ine milandu yanuyo sindilowamo."

Mwana wa zaka 41! Tsiku lonse amakalipirana ndi madalaivala pa malire powakonzera mapepala a katundu, koma nkhani yoonekeratu ngati iyi akuti sangaweruze.

Ndilembe bwinobwino, mbiri isadzapotozedwe:

1. Ndege yanga. Yakale, ya pulopela kutsogolo. Injini imodzi, mfuti 6, mawotchi 19 oonetsa liwiro, mafuta ndi zina. Mdani umamuona ndi maso ako, umamutsatira, umawerengera pomwe adzakhale chipolopolo chikamafika. Masamu okhaokha. Ndaiphunzira miyezi 7, ndadzaza makope awiri.
2. Ndege ya bambo a Tiya. Jeti yamakono. Amadina batani limodzi, yalira. Amadina lina, mzinga wapita wokha kukafuna munthu yemwe iwo sanamuone n'komwe. Kenako amaomba m'manja ngati achitapo kanthu.

Ndaphunzitsa masamu zaka 34. Mwana wolemba yankho osaonetsa njira ndinkamupatsa 1 pa 5. Jeti ndi yankho lopanda njira. Ndege ya anthu aulesi.

Choncho mayeso. Mapepala atatu: Lachiwiri kuliza injini ndi kunyamuka, Lachitatu nkhondo, Lachinayi kutera. Lachisanu kupuma. Loweruka zotsatira. Malamulo 12, ndalemba ndi inki, mizere ndajambula ndi rula. Woyang'anira mayeso: a Najere a kuseri kwa mpandawu, mnzanga wa ku mpingo, wogulitsa manachesi pa msewu. Za ndege sadziwa chilichonse, choncho sangakondere.

Ndawawerengera abambo malamulo onse 12. Amvetsera awiri. Ati, "Pronto, aphunzitsi," n'kupitiriza kusenda nachesi. Zaka 38 akuyendetsa lole kupita ku Tete ndi ku Beira, zomwe anabwera nazo ndi Chipwitikizi cha mawu 11 ndi msana wowawa.

Asaina osawerenga. Zawo zimenezo.

Lachiwiri

Nkhuku 14. Manachesi 6.

Pepala loyamba, 9 koloko. A Najere afika 9:22, ndi dengu.

Ayamba abambo. Batani limodzi, jeti yadziliza yokha. Akankha moto, yanyamuka. Mphindi imodzi ndi masekondi 50. Dzanja lamanzere linali m'thumba nthawi yonseyo. Ndaona!

Kenako ine. Masitepe 31, monga mwa kope. Kutsegula mafuta. Kupopa kanayi. Kutsegula tizitseko ta mphepo. Kuliza. Kudikira oilo atenthe. Pa sitepe 18 a Najere ayamba kusankha manachesi m'dengu. Pa 24 afunsa abambo za mtengo wa feteleza ku Zobue, kutsidya kwa malire. Woyang'anira mayeso! Ine ndikanachita zimenezo m'chipinda cha mayeso akanandilembera kalata tsiku lomwelo.

Mphindi 11. Sitepe iliyonse yolondola.

Tsono kunyamuka. Ndege ya pulopela imakokera kumanzere ikamathamanga. Aliyense wowerenga amadziwa. Umaibweza pang'onopang'ono kumanja. Ndikuibweza bwinobwino, abambo kumbuyo kwanga: "Devagar, aphunzitsi, devagar." Kundiuza ine kuti ndidekhe! Ndatembenuka kuwakumbutsa lamulo 6, loletsa kuyankhula. Pobwezera maso, ndege ili mu udzu, phiko limodzi lili kwina.

A Najere: "Ya abambo yauluka. Yanu yapita kukadya msipu."

Ndapempha malikisi a njira. Masitepe 31 opanda cholakwa ndi 4 pa 5, kulikonse m'dziko muno. A Najere andipatsa pepala la malamulo kuti ndiwerenge ndekha, poti magalasi awo anaiwala. Lamulo 4: "Pepala loyamba wakhoza ndi amene ndege yake ili m'mwamba." Dzanja langa. Inki yanga.

Ndikanatha kulumpha mzerewo. Sakanadziwa. Sindinalumphe. Kuleredwa bwino kuli ndi mavuto ake.

Jeti 1, yanga 0.

Madzulo abambo aimba kanyimbo posambitsa mapazi. Kasanu ndi kawiri, komweko komweko.

Lachitatu

Nkhuku 14. Manachesi 11. Malole 23, mzere wafika pa chigayo.

Pepala lachiwiri: nkhondo. Aliyense adani awiri, oyendetsedwa ndi kompyuta.

A Najere abwera ndi amayi ena awiri a ku mpingo. Palibe lamulo loletsa owonerera. Ndinaiwala. Ndalemba m'mphepete, kuti chaka china zisadzachitike.

Abambo: masekondi 40. Pa galasi lawo laling'ono paoneka timadontho tiwiri. Adina, adinanso. Kutali uko, utsi. Basi. Nkhope ya mdani sanaione, mtundu wa ndege yake sakuudziwa. Ndawafunsa kuti mwagwetsa ndani. "Kaya, mayi a Tiya. Anali pa njira." Amayi aja nthungululu!

Kulululira mzinga! Chinthu chodziyendera chokha!

Ine: mphindi 22. Nkhondo yeniyeni. Ndakwera m'mwamba kaye kuti dzuwa likhale kumbuyo kwanga, monga pa tsamba 40 la kope loyamba. Ndatsika pa woyamba, ndamuphonya. Ndazungulira naye kasanu ndi kamodzi, mpaka khosi kuwawa, ngakhale sikirini siisuntha. Ndamuyandikira mpaka kuwerenga nambala ya pa mchira wake. Ndawombera patsogolo pake, iye walowa yekha mu zipolopolo. Wagwa! Kuyambira Januwale sindinagwetsepo bwino chonchi.

Ndacheuka. Amayi awiri aja akukambirana za chitenje cha kwaya.

Mdani wachiwiri anali kumbuyo kwanga nthawi yonseyi. Wadula mchira.

Kaundula wa lero:
Zipolopolo zowombera: 1,640
Zolasa: 13
Adani ogwa: 1
Ine: ndagwanso, m'munda wa munthu

A Najere, pofuna kunditonthoza: "Koma yanu imalira bwino, aphunzitsi. Ngati chigayo cha dizilo."

Chigayo!

Ndawafotokozera kuti mmodzi wogwetsedwa ndi luso aposa awiri ogwetsedwa ndi batani. Ati kwawo 2 amaposa 1. Kundiphunzitsa masamu ine, m'nyumba mwanga, akudya mbatata yanga.

2 kwa 0. Pepala la mawa nditapambana sindingawapezebe, koma lamulo 11 limalola kudandaula ngati pali umboni wa chinyengo. Batani lodziliza lokha ndi chinyengo. Ndiufuna umboniwo.

Lachinayi

Nkhuku 14. Manachesi sindikufuna kuwaona. 8.

Pepala lachitatu: kutera.

Poti kope lino saliwerenga munthu wina, ndinene zoona. Pa miyezi 7 ndayesa kutera ka 188. Ndege yatsala yathunthu ka 9. Si vuto langa. Matayala ake ndi oyandikana, mphuno yake ndi yaitali moti bwalo suliona, ndipo liwiro likangopitirira pang'ono imadumpha. Buku limatero. Ndimatsatira manambala onse.

Lero ndatsatira onse. Liwiro lolondola, mapiko otsitsa, matayala pansi. Yagunda, yadumpha. Yagunda, yadumpha. Kanayi. Kachisanu yabzala mphuno m'nthaka, mchira m'mwamba ngati nkhuku yotola chimanga.

Abambo atera ndi jeti yawo. Inde, atera. Ngakhale mbuzi ingatere nayo.

3 kwa 0.

Koma chondilembetsa lero si chimenecho.

A Najere atanyamula dengu, abambo ati, "Tandibwerekani chilole chanucho kamodzi." Chilole! Ndawapatsa, ndili ndi cholinga. Aone okha kuti si masewera. Ndawatsegulira kope pa tsamba la kutera. Aliika pansi pa kapu ya tiyi.

Mawotchi 19 sanayang'ane ngakhale imodzi. Akweza mawu a kompyuta, apendeketsa mutu, atsinzina diso limodzi. Akumvetsera injini! Akuchepetsa moto ndi zala ziwiri, akuyankhula nayo. "Eya, mama, tsika, usaope." Liwiro lawo linali lopitirira ndi 7. Ndawauza. Sanamve.

Yatera ngati munthu akuika dzira m'mbale.

Koyamba. Koyamba penipeni!

"Iyi ndi lole yanga yoyamba ija," akutero, maso akuwala. "Siifuna kulamulidwa. Imafuna kunyengerera."

Ndati mwayi chabe. Abwereza. Atera. Abwerezanso, mphepo ikuwomba cham'mbali. Atera. Katatu pa katatu. Ine 9 pa 188. Ndawerengera maperesenti, kenako ndafufuta.

Kope langa lili ndi chizindikiro cha kapu pa tsamba la kutera. Chozungulira, cha bulauni.

Sindinadye masana. Sanazindikire.

Lachisanu

6:40. Abambo akwera pikapu kupita ku Thambani kukaona mbuzi zomwe anasungitsa kwa mng'ono wawo. Abwera madzulo. Nyumba ndi yanga.

7:15. Ndatsegula jeti. Koyamba m'moyo wanga. Cholinga: kulemba zolakwa zake 20 zokaika m'kalata yodandaula. Ndatseka chitseko, a Najere angaone.

7:30. Cholakwa 1: ndi yonyansa. Cholakwa 2: ilibe pulopela.

7:50. Pakona pali kabokosi kolembedwa kuti ndege izidziliza yokha. Abambo anakachonga. Ndachotsa chongacho kuti ndione chotsala.

8:05. Mayo ine.

Mabatani 214. Ndawerenga kawiri. Magalasi atatu, lililonse ndi masamba ake mkati, tsamba lililonse ndi manambala ake. Kuliza injini mwa dongosolo: masitepe 63. Usananyamuke uyenera kuiuza ndege pomwe ili pa dziko lapansi, madigiri ndi maminiti ake, ndi dzanja lako, nambala imodzi imodzi. Ukalakwitsa imodzi, ikusocheretsa. Zimene ndinkaphunzitsa Fomu 4 ana akuyasamula!

Ndipo pali buku. M'kati mwa masewera momwemo. Masamba 612. Ndi matebulo!

9:40. Mzinga uja suyenda wokha monga ndinkanenera. Mtunda womwe ungafike umasintha malinga ndi kutalika komwe uli, liwiro lako, liwiro la mdani, ndi ngodya yomwe akubwerera. Zinayi. Pali mzere wosonyeza pomwe mdani sangathawenso. Umawerengeredwa! Abambo akhala akudina pomwe chala chayabwa.

Munthu ameneyu wakhala miyezi 7 pamwamba pa laibulale, akugwiritsa ntchito mabatani atatu. Atatu pa 214! Ndakwiya kuposa dzulo.

10:30. Ndapita pa golosale kukagula kope latsopano. Lachikuto cholimba, masamba 96. Mwini golosale afunsa ngati ndayambanso kuphunzitsa. Si zawo.

12:50. Ndaliza injini ndekha, masitepe onse 63. Mphindi 38. Pa sitepe iliyonse ndege imayankha: kanyali kobiriwira, kapena nambala yosintha. Ukalakwitsa imakuuza cholakwacho, mwaulemu. Yakale ija ukalakwitsa imangophulika.

1:30. Ndatera. Pa galasi pali kamzere, ukaika kachizindikiro pa kamzereko, manambala akagwirizana, ndege imachita zomwe manambala anena. Palibe za kunyengerera. Ndatera kanayi pa kanayi.

Nyemba zapserera. Poto ndamuviika kuseri kwa bafa.

3:10. Kalata yodandaula sindilemba. Ndaganiza mofatsa. Zotsatira ndi zotsatira. Munthu wophunzira amavomera kugonja. Abambo apambana 3 kwa 0, jeti itsala, yanga ipita. Ndidzaima pamaso pa a Najere, ndidzayankhula ziganizo zisanu zokha zolemekezeka, anthu adzati mayi uja ndi wamkulu mtima. Pakatha mwezi ndidzayamba kuigwira jetiyo pang'onopang'ono, ngati wokakamizidwa. Palibe adzadziwe.

Ndabwezera chonga chija. Kope latsopano lili pansi pa nsalu za tebulo. Masamba 11 adzaza kale.

5:45. Abambo abwera. Mbuzi zilipo 5, akuti. Sindikhulupirira, sanawerenge.

Nkhuku zalowa ndisanaziwerenge. Chiyambireni kupuma ntchito sizinachitikepo.

Loweruka

Nkhuku 14. Zikomo Ambuye.

10 koloko, pakhonde. A Najere, amayi awiri aja, ndi wachitatu yemwe sindinamuitane. Ndavala chitenje cha buluu. Mawu anga ogonja ndawaloweza.

A Najere awerenga zotsatira, lero ali ndi magalasi. Jeti 3, yakale 0. Ndaimirira. Ndatsokomola. Ndanena chiganizo choyamba: "Pa mpikisano uliwonse pamakhala wopambana."

Abambo akweza dzanja. Aimirira, chipewa m'manja, ngati pa maliro.

"Amayi inu, ndapambana, inde. Koma mayi a Tiya avutika ndi ndege yawoyi miyezi 7. Makope awiri. Ine ndingadye bwanji mkazi wanga akulira? Jeti ifufutidwe. Yakale itsale."

Nthungululu. A Najere apukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Wosaitanidwa uja: "Amuna otere anatha, aphunzitsi. Musungeni."

Ndati ayi. Ndati mayeso si chifundo. Ndati ndikalola zimenezi ndiye kuti zaka 34 ndinkaphunzitsa bodza. Wopambana ndi jeti, itsale jeti!

A Najere: "Musachite manyazi, mwapatsidwa."

Ndati malamulo sakulola. A Najere atsegula pepala, ayendetsa chala. Magalasi a tsoka amenewo! Lamulo 9: "Wopambana ndiye adzasankhe ndege yotsala, ndipo wogonja asatsutse." Ndinalemba Lolemba, ndikudziwa kuti wopambana ndine. Mawu oti "asatsutse" ndinawadula mzere kunsi. Kawiri.

Njira inalipo imodzi: kunena poyera kuti jeti ndikuifuna. Pamaso pa amayi anayi a ku mpingo. Sabata ino ndaitchula kuti ndege ya anthu aulesi ka 23, ka 15 iwo akumva. Pofika mawa nkhani ikanakhala itafika ku kwaya, Lachiwiri ku msika, Lachinayi mpaka ku midzi ya kwa Kanduku.

Ndakhala pansi. Ndati zikomo.

Andiuza kuti ndinene mokweza. Ndanena mokweza.

Chifundo chawocho ndachiona bwino. Dzulo potsika pikapu dzanja lawo lamanja linkachita kutsetsereka m'mwamba, likutera pa mpanda. Lero m'mawa ndawamva ku bafa akulira ngati injini ya pulopela. Akuifuna ndege yanga! Jeti yawatopetsa, apeza lole yawo, ndipo aitenga anthu akuwaombera m'manja.

Komabe ponena za makope awiri aja mawu awo ananjenjemera pang'ono. Sindinkadziwa kuti amadziwa kuti ndi awiri. Ndawerengera: dyera 70, chikondi 30. Mwina 65 ndi 35. Zonsezo sizikundithandiza.

3:00. Apita kukameta. Ndawerenga buku la jeti mothamanga, ndikukopera matebulo. Tsamba 47. Dzanja latupa.

Lamulungu

Nkhuku 14. Ulaliki mphindi 52. Anthu ondigwira chanza kundiyamikira chifukwa cha mwamuna wabwino: 19. Abusa ndi a 20.

12:40. Tiyamike wafika, watsegula kompyuta pa tebulo.

Mipata yoyankhula inalipo itatu.
Woyamba: "Ndiye mwagwirizana?" Ayankha abambo.
Wachiwiri: "Amayi, mwatsimikiza? Ikapita yapita, kuibwezera ndi bandulo ya mwezi wathunthu, komanso malo palibe." Ndati ndamva.
Wachitatu: kompyuta yeniyeniyo yafunsa ngati tikutsimikiza. Chala cha Tiya chaima m'mwamba. Wandiyang'ana nthawi yaitali, mwana ameneyu amazindikira madalaivala obisa katundu pansi pa matumba. Ndayang'ana kudenga. Malata 22. Wadina.

Masekondi 9. Mabatani 214, masamba 612, masekondi 9.

"Mwakondwa, amayi?"

Ndati kwambiri.

Wadya, wanyamula manachesi 30, wapita.

Tsopano ndege ndi imodzi, oyendetsa awiri. Ndalemba ndandanda: ine m'mawa, iwo masana. Asaina osawerenga, ndipo akhala pampando nthawi yomweyo. Lero atera kasanu ndi kawiri. Aipatsanso dzina, sindilemba muno.

Kope lachikuto cholimba lili ndi masamba 19 a ndege yomwe kulibe. Otsala 77. Ndi pepala labwino, silingatayidwe. Ndiona chochita nalo.

4:20. Akuitana kuchokera m'chipinda. "Mayi a Tiya, tabwerani ndikuonetseni. Kope musiye konko, mubwere ndi makutu okha."

Aitana kanayi.

Kachisanu ndipita. Mpando wachiwiri ndanyamula kale.